Kabokosi ka Cotman: utoto wa munthu wofuna kuphunzira kuchotsa dzanja

Cotman Sketchers' Pocket Box ndi kabokosi kokwana m'thumba la jekete, kopangidwa ndi Winsor & Newton, kampani imene inayamba ku London mu 1832. M'kati muli timibulu 12 ta utoto wosungunula ndi madzi, kaburashi kamodzi, ndipo chivundikiro chake ndiye posakanizira. Ndi utoto wa ophunzira. Pa mitundu ina palembedwa kuti "Hue", kusonyeza kuti anaikamo ufa wotchipa wongofanana ndi weniweniwo. Suipa ayi, kungoti sukolera ngati wa akatswiri.

Kutchipako ndiye ubwino wake. Utoto wamadzi sumva za munthu: ukagwera pa pepala lonyowa umadziyendera wokha, ndipo chithunzi chogwira mtima chimabadwa wojambula akausiya uyende. Wogula utoto wodula amaumira, dzanja limachita kunjenjemera. Ndi uwu mutha kuwononga mapepala khumi osadandaula za utoto.

Koma kaburashi kakeko kaikeni padera. Sikasunga madzi, ndiye kamakuchititsani kumangokanda pamodzimodzi mpaka mtundu utasanduka matope. Gulani burashi yozungulira ya nambala 10 kapena 12, ndi ina yafulati ya inchi imodzi. Pepala likhale lokhuthala, la 300 gsm, makamaka la thonje. La fotokope limakwinyika likangonyowa, utoto n'kudikha m'makwinyamo.

Tiyese ndi mitambo ya mvula yoyamba ya mu Novembala, ija imachita bii pamwamba pa makomboni a mu Lusaka kutsala pang'ono kugwa. Matani pepala pa thabwa ndi masking tape mbali zonse zinayi, thabwalo mulitsamiritse pa buku kuti lipendekeke pang'ono. Khalani ndi makapu awiri a madzi, ina yotsukira, ina yoyera. Sakanizani Ultramarine (wabuluu) ndi Burnt Sienna (wofiirira), wabuluuyo achulukeko, musananyowetse pepala. Wakuda mulibe m'bokosimu, ndipo simumusowa: awiriwa amatulutsa mdima wamoyo kuposa wakuda wogula. Nyowetsani pepala ndi burashi yafulati, dikirani kunyezimira kuyambe kuchepa, ndiye gwetsani utoto kumtunda katatu kapena kanayi basi. Kumunsi pitanimo kamodzi ndi Yellow Ochre (wachikasu) wothirako Burnt Sienna pang'ono, likhale dothi lathu lofiirali. Kenako manja kumbuyo.

Apa m'pamene ambiri amagwera. Utoto ukayamba kutsika, mtima umati konza apa, onjeza apo. Burashi yamadzi ambiri ikakhudza malo amene ayamba kuuma, madziwo amakankha utoto wapansi n'kusiya chibanga chonga duwa la kolifulawa. Nthawi zina chibangacho chimakongola kuposa zomwe mumafuna, ndiye chisiyeni. Mukati muchifute mpamene pepala limasupuka. Mitundu yoposa itatu pamalo amodzi imapha kuwala. Kumbukiraninso kuti utotowu ukauma umambuwa, choncho mtambo wooneka bwinobwino uli wonyowa udzakhala wotuwa mawa lake. Yambani mwakuda kuposa mmene mtima ukufunira.

Nyengo ya Lusaka nayo ili ndi mawu ake. Mu Okutobala mpweya ndi wouma moti pepala limauma musanamalize n'komwe kuganiza. Linyowetseni kumbuyo komwe, gwirani ntchito m'mawa, kutali ndi windo ndi fani, ndipo mphepo ya mu Ogasiti isakupezeni panja chifukwa fumbi likamatirira silichoka. Mu Januwale zimatembenuka: pamafunika kudekha, osabwereza utoto pepala likadazizira mukaligusa ndi kuseri kwa chala. Madzi a m'borehole a kuno ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amayeretsa pansi pa ketulo, ndipo amachititsa Ultramarine kugwirana timadontho ngati mchenga. Pa mtambo wa mvula n'zokoma kwabasi. Pa nkhope ya munthu, ayi. Pamenepo pezani madzi amvula osefa.

Mitundu iwiri ifunika kusamala nayo. Intense Blue amalowerera m'pepala, sachoka ngakhale mutsuke bwanji, ndiye mukhudzeni ndi nsonga chabe. Chinese White amachititsa mitundu ina kuoneka ngati choko. Kuyera kwabwino ndi pepala lenilenilo limene mwalilambalala. Mukapita ku Henry Tayali Gallery, malo oonetsera zojambula ku Showgrounds, yang'anitsitsani chithunzi chimene chakuimitsani, muone malo angati amene wojambula anangodutsapo kamodzi osabwererapo.

Wofuna kugulitsa zithunzi zikuluzikulu kabokosika kamuchepera msanga, timibuluto n'tating'ono kwa burashi yaikulu. Kwa woyamba, kapena wojambula atakhala pa benchi ku Kabwata Cultural Village, n'kokwana. Ultramarine ndi Burnt Sienna ndiwo amayamba kutha. Amagulitsidwanso paokha m'machubu, mungofinyira m'malo mwakemo n'kusiya chivundikiro chotsegula aume masiku awiri musanayende nako.