Onboard, Dasher kapena zida za GNOME: chiti chimathandiza dzanja likakana?

Malume anga atadwala sitiroko, dzanja lamanja linasiya kugwira, ndipo lamanzere limanjenjemera akatopa. Mutu uli bwinobwino. Munthu amene kwa zaka zambiri ankalemba malipoti a kumpingo sakanalola kuti mdzukulu aziwalembera chilichonse, choncho ndinatenga laputopu yanga yakale ya Linux n'kuyamba kuyesa zida zimene zimalowa m'malo mwa kiyibodi ndi mausi. Ndikulemba izi kuti anzanga amene mukukonzera wina kompyuta musataye masabata ngati ine.

Poyamba ndinkaganiza kuti mpikisano uli pakati pa mapulogalamu. Ayi ndithu, nkhani yayikulu ili pansi pake, pa X11 ndi Wayland. X11 ndi njira yakale yoonetsera zinthu pa sikirini, ndipo imalola pulogalamu iliyonse kusuntha kamuvi ka mausi kapena kudina batani m'malo mwa munthu. Wayland, yomwe ndi yatsopano, inatseka khomo limeneli dala, poopa kuti pulogalamu yachinyengo ingamaone zimene mukutayipa. Maganizo ake ndi abwino. Koma zida zambiri zothandiza anthu a ulumali zinkalowera pakhomo lomwelo, ndiye zina zinatsekeredwa kunja limodzi ndi mbala.

GNOME, imene ndi imodzi mwa madesikitopu a Linux (maonekedwe a mawindo ndi mamenyu), ili ndi zida zakezake, ndipo izi Wayland sazivutitsa chifukwa ndi za m'nyumba momwemo. Mukalowa mu Settings n'kupita pa Accessibility mupeza Sticky Keys, imene imalola kudina Shift kenako chilembo, m'malo modina zonse nthawi imodzi. Kwa munthu wa dzanja limodzi, iyi ndi yoyamba kuyatsa. Bounce Keys imanyalanyaza batani likadinidwa kawiri motsatizana mwangozi, ndipo inathetsa vuto la malume lolemba "mooni" pofuna kulemba "moni". Slow Keys anaikana tsiku lomwelo, akuti kompyuta ikuchita ngati yagontha, popeza imadikira kuti batani ligwiridwe kwa kanthawi isanalilandire. Palinso Mouse Keys yoyendetsa kamuvi ndi mabatani a manambala, ndi Hover Click imene imadina yokha kamuvi kakaima malo amodzi. Zonsezi n'zodalirika, ndipo simufunika kuika china chilichonse.

Pamene GNOME imandikhumudwitsa ndi pa kiyibodi yake ya pa sikirini. Kuyambira GNOME 3.28 ya mu 2018 kiyibodiyi inakonzedwa poganizira munthu wogwira sikirini ndi zala, ngati pa foni. Imatulukira m'munsi, simungaikokere pamene mukufuna, ndipo palibe njira yoti munthu wotha kudina batani limodzi lokha alembe nayo. KDE Plasma, desikitopu ina ya Linux imene inayamba kudalira Wayland pa Plasma 6 mu February 2024, nayonso inabwera ndi kiyibodi ya Maliit yodikira kuti mugwire sikirini isanatuluke, ndipo KMouseTool, kachida kakale kodina m'malo mwa munthu, n'ka X11.

Onboard, kiyibodi ina ya pa sikirini, ndi nkhani ina. Inakulira ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndipo ngakhale mtundu wake wa 1.4.1 unatuluka kale mu 2017, ndikaiika pambali pa ya GNOME ndimaona kuti amene anaipanga ankaganizira munthu wovutika ndi manja. Mutha kuikulitsa, kuisuntha, kusankha kaimidwe ka mabatani, ndipo ili ndi Ctrl, Alt ndi timabatani todinira kumanja kapena kukoka chinthu. Imaphunzira mawu amene mumalemba kawirikawiri n'kumawaonetsa pamwamba. Chachikulu kwambiri, imatha kuyatsa mizere ya mabatani umodziumodzi, munthu n'kudina batani lake limodzi mzere wofunika ukafika, kenako n'kusankha chilembo mumzerewo. Kumachedwa, inde, koma kwa amene angathe kusuntha chala chimodzi kapena bondo lokha, ndi njira yolembera kalata. Vuto lake n'lomwe lija: pa GNOME ya Wayland imachita makani, nthawi zina osakhala pamwamba pa mawindo ena, nthawi zina zilembo osafika kumene zikupita.

Ndiye pali Dasher, yomwe tsiku loyamba imazunguza mutu. Anaipanga David MacKay ndi David Ward ku yunivesite ya Cambridge. Mulibe mabatani. Zilembo zimandandalikidwa kudzanja lamanja la sikirini, inu n'kulozetsa kamuvi kwa chilembo chimene mukufuna, ndipo chimakula n'kumabwera kwa inu, m'kati mwake mukutulukira zilembo zina zotsatira. Chilembo chimene kawirikawiri chimatsatira zomwe mwalemba kale chimapatsidwa malo aakulu, chosayembekezeka chimachepa. Kulemba kumafanana ndi kuwongolera njinga pamtsetse. Mu 2002 awiriwa anafalitsa m'magazini ya Nature kuti anthu olemba ndi maso okha, atayeserera kwa ola limodzi, ankafika mawu 25 pa mphindi ndi Dasher, pomwe pa kiyibodi ya pa sikirini ankafika 15.

Apa m'pamene Chichewa chimalowa, ndipo ndi chifukwa chake ndimaikonda Dasher kuposa mmene malume amaikondera. Onboard imalosera mawu athunthu. Koma ife mawu amodzi amavala zovala zambiri: ndapita, sindinapite, tikadzapitanso, akanapitabe. Kwa Onboard onsewa ndi alendo osadziwana, ndipo imayenera kuphunzira aliyense payekha. Dasher imalosera chilembo ndi chilembo, ndiye ikazolowera "sindina" kapena "tikadza" imakutsegulirani njira ngakhale mneni wotsatirayo isanamuonepo atavala choncho. Mutha kuipatsa fayilo ya zolemba za Chichewa kuti iphunzirepo. Ine ndinasonkhanitsa malipoti akale a malume n'kuipatsa, ndipo pasanathe nthawi inayamba kuwatsogolera ku mawu awoawo. Iwo akuti sikirini yoyendayenda imawachititsa chizungulire, ndiye amaitsegula pokhapokha akafuna kulemba kalata yaitali.

Za kuyendetsa kamuvi ndi mutu ndinayesa eViacam ya Cesar Mauri wa ku Spain. Imagwiritsa ntchito kamera wamba ya pa laputopu kutsatira nkhope, ndipo kamuvi kamapita kumene mwatembenukira. Ikaphatikizidwa ndi Dasher zimayenda bwino kwambiri, chifukwa Dasher safuna kudina pafupipafupi. Koma imafuna kuwala kokwanira kumaso, khosi limatopa, ndiponso ndi ya X11. Kulamula kompyuta ndi mawu sindinachedwe nako. Numen ndi nerd-dictation zimadalira Vosk, pulogalamu yozindikira mawu olankhulidwa, ndipo zimagwira popanda intaneti, koma ndinaziyesa m'Chingerezi, pomwe malume amalemba Chichewa ndipo lilime lawo silinamasuke bwino chidwalireni.

Tsono ndingalangize chiyani? Ngati munthu wanu akutha kutayipa ndi dzanja limodzi, GNOME ya Wayland ndi Sticky Keys ndi Bounce Keys zakwana, musadzivutitse. Ngati akufuna Onboard, eViacam kapena batani limodzi, khalani pa X11. Ubuntu 24.04 ikadali ndi mwayi wosankha Xorg (ndiyo X11 ija) polowa, koma Ubuntu 25.10 inauchotsa pa GNOME. Linux Mint 22 imayamba ndi X11 ndipo izisamalidwa mpaka 2029. Anthu a Wayland anamanga khomo latsopano lotchedwa libei, lolola pulogalamu kupempha chilolezo isanayendetse kamuvi, koma zida zakalezi ziyenera kukonzedwa kaye kuti zilowerepo.

Malume ali pa Mint ndi desikitopu ya Xfce, Onboard ili m'munsi mwa sikirini, Sticky Keys yoyatsidwa. Chomaliza chimene anandiitanira chinali ŵ, popeza iwo ndi a m'badwo umene sungalembe Malaŵi popanda kadenga. Njira ya Ctrl, Shift ndi U kenako 0175 inawatalikira. Ndinasandutsa Caps Lock kukhala batani la Compose, lophatikiza zizindikiro kukhala chilembo chimodzi, ndipo tsopano amadina limenelo, kenako ^, kenako w, motsatizana, ndi chala chimodzi.