Rhode Island Red za chionetsero: muyambe ndi mazira, anapiye kapena nkhuku zokulakula?

Anzanga ambiri amene akufuna kuweta nkhuku za mtundu wa Rhode Island Red zokapikisana nazo pa chionetsero amandifunsa funso limeneli, ndiye ndaona kuti ndiyankhe onse pamodzi.

Mazira ochita kutumiziridwa ndi otchipa, koma amagwedezeka kwambiri panjira. Mumadikira masiku 21, ambiri n'kusukusa, ndipo mwa anapiye ochepa oswawo pafupifupi theka amakhala atambala. Ngati woweta ali pafupi moti mukatenga mazirawo nokha, njirayi si yoipa.

Anapiye a tsiku limodzi a kumakampani oswetsa anapiye ambirimbiri ndiwo anandipweteka mtima. Kampani ina inandigulitsa anapiye papepala italemba kuti Rhode Island Red. Mwanapiye akadali ndi ubweya simungadziwe kanthu, onse amaoneka okongola. Ndinawapatsa katemera wa chitopa, ndinawadyetsa bwino miyezi yonse ya kukula kwawo, ndipo nthenga zenizeni zitamera ndinapeza kuti ndi zofiira motuwa, matupi opepuka, michira yoloza kumwamba. Rhode Island Red yeniyeni imakhala yofiira moderapo ndithu, yonyezimira, mchira wakuda wowala mobiriwira, msana wautali wowongoka, thupi lamakona ngati njerwa. Tambala wamkulu amafika makilogalamu 3.9, thadzi pafupifupi 3. Zanga zinali kutali ndi zimenezi.

Chimene makampaniwa sanena n'chakuti nkhuku zawo amazisankha poona kuchuluka kwa mazira basi. Kuikira zimaikiradi, pamenepo sindingawanamizire. Koma woweruza pa chionetsero sawerenga mazira. Amaitulutsa nkhuku m'khola lake, n'kutambasula phiko, kuyang'ana mtundu wa nthenga mpaka kunsi pafupi ndi khungu, kupapasa chifuwa, kuona lipombo ngati lili ndi nsonga zisanu zolingana. Kamphukira kotuluka m'mbali mwa lipombo, kapena tinthenga pamiyendo, n'zokwanira kuichotsa nkhuku mumpikisano. Miyezo imeneyi ili m'buku la Standard of Perfection la bungwe la oweta nkhuku la ku America lotchedwa American Poultry Association, limene linayamba kutuluka mu 1874, ndipo mtunduwu unalowamo mu 1904. Mtengo wa mwanapiye ndi wochepa. Ndalama zimathera m'chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi chodyetsa nkhuku imene simudzaionetsa, ndipo nyengo yonse yoswetsa imakudutsani.

Ine mtima wanga uli pa nkhuku zokulakula: tambala mmodzi ndi misoti iwiri, kuchokera kwa munthu amene amaonetsa nkhuku zake. Zimadula, n'zoona, ndipo woweta sakupatsani zabwino koposa, amasunga yekha. Komabe chimene mukugula mukuchiona ndi maso, mukuchigwira ndi manja. Mufunseni akuonetseni makolo ake, akuuzenso chilema chimene chimabwerabwera mwa nkhuku zake. Wokana kuyankha zimenezi musiyeni.

Vuto la nkhuku zazikulu ndi matenda. Zikhoza kubwera ndi chifuwa chobisika kapena nsabwe, choncho zikhale pazokha masiku 30 zisanakumane ndi zanu. Muzimvetsera kapumidwe kake usiku zili pamtanda, muziyang'ana m'maso ngati muli thovu. Masiku amenewa ndi abwinonso kuzizoloweza kugwiridwa, chifukwa nkhuku yophupha m'manja mwa woweruza siionetsa thupi lake bwino ngakhale itakongola chotani.