Miyezi yapita ndili ndi katswiri wa kadyedwe amene sandikweza pa sikelo

Ndinayamba kuonana ndi mayi katswiriyu ndili ndi zaka za m'ma 40, msambo ukubwera mwa apo ndi apo, komanso nditangouzidwa kumene kuti ndili ndi ADHD (kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kukhazikika) ndi autism (kusiyana kwa ubongo kumene kumakhudza mmene munthu amachezera ndi anthu ndi mmene amamvera zinthu monga phokoso ndi fungo). Ndinawasankha chifukwa ananena poyera kuti sakweza munthu pa sikelo, ndiponso kuti ntchito yawo si yochepetsa anthu thupi. Timaonana pa vidiyo pafupifupi mwezi uliwonse. Tsopano chidwi cha masiku oyamba chinazirala, ndiye ndikhoza kunena zimene zakhalitsa ndi zimene zinagwera m'njira.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti, "Nanga mwatsika?" Ayi, sindinatsike. Zovala zanga ndi zomwe zija, ndipo mafuta a pamimba adakalipo, chifukwa homoni ya estrogen ikamachepa, mayi akamayandikira kusiya kusamba, thupi limayamba kusunga mafuta ambiri m'mimba kusiyana ndi m'chiuno ndi m'ntchafu. Amene akufuna kuchepa thupi asapite kwa katswiri wotere, adzakhumudwa. Koma zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti njira imeneyi ndi yongomusiya munthu kuti adye zilizonse. Ine sindinayambe ndafunsidwapo za thanzi langa mwatsatanetsatane chonchi. Tinkayang'ana BP, shuga wa m'magazi kudzera mu mayeso otchedwa HbA1c, kolesterolo, tulo, mphamvu za masana. Nambala ya BMI, yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, imene madokotala ambiri amayambira, inachokera ku masamu a Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo iye ankayeza magulu a anthu, osati wodwala mmodzi amene wakhala patsogolo pake. Nambala imeneyo siikanauza aliyense kuti ine ndimafika madzulo ndisanadye kanthu.

Vuto langa lenileni linali limenelo. Mankhwala a ADHD amene ndimamwa m'mawa, methylphenidate, amapha chilakolako cha chakudya. Kuwonjezera apo, ambiri a ife amene ubongo wathu umagwira ntchito mosiyana sitimva bwino zimene zikuchitika m'kati mwa thupi. Njala siibwera pang'onopang'ono ngati mmene ena amafotokozera. Ndimangozindikira manja akunjenjemera, mutu ukuwawa, ndikukalipira aliyense. Mankhwala akatha mphamvu madzulo ndinkadya mothamanga mpaka kukhuta koipa, kenako usiku thukuta, kudzuka, kutembenuka mpaka mbandakucha. Kwa zaka zambiri ndinkauzidwa kuti "mverani thupi lanu." Ndimvera bwanji thupi limene silindiuza kanthu mpaka zinthu zitafika poipa?

Mayi katswiri aja anangoti, "Mayi, musamadikire njala. Njala yanu imachedwa. Tiyeni tidye isanafike."

Tinayamba ndi ma alamu a pa foni. Anagwira ntchito kwa kanthawi, kenako makutu anazolowera, ndinkazimitsa osadziwa n'komwe kuti ndazimitsa. Ndinaopa kuti andiuza kuti ndiyesetse kwambiri, monga ena onse amanenera. Anangoti zimenezo zimachitika kawirikawiri kwa anthu a ADHD, ndipo tinasintha njira. Chakudya tinachimangirira ku zinthu zimene ndimachita kale. Botolo la mankhwala tsopano limakhala m'mbale imene ndimadyera m'mawa, moti kuti ndilitenge ndiyenera kunyamula mbaleyo, ndipo lamulo ndi lakuti ndidye kaye ndisanameze piritsi. Mufiriji, zinthu zongotsegula n'kudya zili pa shelefu yolunjika m'maso, m'mabokosi oonekera m'kati, chifukwa chimene sindikuchiona kwa ine ndiye kuti kulibe. Pambali pa kompyuta pali kadengu ka zakudya zosaola msanga. Zinthu zitatuzi ndi zimene zakhalitsa mpaka lero, ngakhale m'masabata amene china chilichonse chinasokonekera.

Za kakomedwe ndi kamvekedwe ka chakudya m'kamwa anazitenga ngati nkhani yeniyeni. Pali zakudya zochepa zimene ndimatha kudya tsiku lililonse mosavutika, ndipo pali zina zimene fungo lake lokha limandichititsa nseru, makamaka chiyambire kusintha kwa mahomoniku. Anandifunsa mafunso okhudza ARFID, vuto la kupewa zakudya limene linalowa m'buku la madokotala a maganizo la DSM-5 mu 2013, kuti aone ngati ndikufunika thandizo loposa limene iwo angapereke. Kenako sanandilande chakudya changa chodalirika ngakhale chimodzi. Ankangofunsa kuti, "Pambali pa ichi tingaikepo chiyani?" Umu ndi mmene mapuloteni analowera pa chakudya chilichonse popanda kuwerengera magalamu pa kilogalamu ya thupi langa. Kashiamu yekha ndiye tinamuwerengera, chifukwa mafupa amataya mphamvu mofulumira m'zaka zoyambirira munthu akasiya kusamba, ndipo ku America azimayi opitirira zaka 50 amalangizidwa mamiligalamu 1,200 patsiku. Titaona kuti zimene ndimadya sizikufika kufupi, tinakambirana zowonjezera, pamodzi ndi vitamini D amene amathandiza kuti kashiamuyo alowe m'thupi.

Chimene ndimawathokozera kwambiri ndi kalata imene analembera dokotala wanga. Nditawauza kuti miyezi ina ndimataya magazi ambiri pa msambo ndipo ndimatopa ngakhale ndadya bwino, anapempha kuti ndiyezedwe ferritin, imene imasonyeza ayironi amene thupi lasunga. Zinapezeka kuti ayironi anali wochepa. Kutopa kumene ndinkauzidwa kuti n'chifukwa cha kunenepa kunali ndi chifukwa china chochizika.

Zolakwika zilipo. Mafomu olembetsera anali ataliatali, mafunso ambirimbiri ofuna kuti ukumbukire zimene unadya sabata yatha, ndipo kwa ntchito yopangidwira anthu a ADHD zimenezo n'zosayenera. Ndinatsala pang'ono kusiya ndisanayambe. Pulogalamu ya pa foni yojambulira chakudya chilichonse ndinaisiya msanga, inkandikumbutsa masiku owerengera makalori ndipo inayamba kundibweretsera mantha aja. Kukhala pa vidiyo ola lathunthu kumanditopetsa, moti zomaliza sindinkazigwira. Nditanena, anafupikitsa nthawi, anandilola kuzimitsa kamera, ndipo amanditumizira mfundo ziwiri kapena zitatu zolembedwa tikamaliza. Ndikanakonda zimenezi zikanaperekedwa kwa aliyense kuyambira pachiyambi, chifukwa si onse amene angalimbe mtima kupempha.

Kutentha thupi kwadzidzidzi ndi thukuta la usiku sizinathe chifukwa cha kadyedwe, ndipo iwo sananamepo kuti zidzatha. Kuchepetsa khofi wa madzulo kunathandiza tulo pang'ono. Zenizeni zinasintha nditakambirana ndi dokotala za mankhwala obwezera mahomoni, HRT, amene katswiri wa kadyedwe alibe mphamvu yolembera munthu. Kuiwalaiwala kudakalipo masiku ena. Estrogen imakhudza mmene dopamine, imene imathandiza munthu kuika maganizo pa chinthu, imagwirira ntchito mu ubongo, n'chifukwa chake azimayi ambiri a ADHD amaona kuti zizindikiro zawo zikukula pa msinkhu umenewu, ndipo mbale ya chakudya siingakonze zimenezo yokha. Chimene chasintha n'chakuti ndikaiwala chinthu, sindikhalanso ndikuiwala ndili ndi njala ya tsiku lonse.

Kwa amene mukufunafuna katswiri wotere, mufunseni musanalembetse ngati ali ndi ziyeneretso zovomerezeka m'dziko lanu, ngati anagwirapo ntchito ndi anthu a autism kapena ADHD, ndiponso chimene adzachite mukadzamuuza tsiku lina kuti mukufunabe kuchepa thupi. Ine ndinawauzapo zimenezo, tsiku limene chovala china chinakana kulowa. Sanandidzudzule, sanasinthenso nkhani. Anandifunsa chimene ndikuyembekeza kuti kuchepako kundipatse, ndipo nditatchula mawondo owawa ndi kupuma movutikira pokwera masitepe, tinayamba kukonza zimenezo mwachindunji. Panopa tikugwira nkhani yolimbitsa minofu, chifukwa nayo imachepa pa msinkhu uno, ndipo ndikukonzekera kufunsa dokotala ngati ndikuyenera kuyezedwa mafupa pa makina a DEXA, oyeza kulimba kwa mafupa.