Thanki ikakula, nozzle itsatira? Plant 3D, E3D ndi FreeCAD

Ntchito zambiri zimene timajambula kuno ku Blantyre n'zobwerezabwereza: thanki ya madzi pa fakitale ya ku Makata, ina ku Chirimba, mapampu awiri pa chitsulo chimodzi. Chimasintha n'kukula basi. Choncho pulogalamu iliyonse yojambulira ndimaiyesa ndi funso limodzi: ndikakulitsa thanki kuchoka pa 2000 mm kufika pa 2400 mm, nozzle (polumikizira mapaipi pa thanki) zitsatira zokha, kapena ndichita kukoka imodziimodzi?

Mu AutoCAD Plant 3D mumamanga thanki ndi zidutswa, cylinder pakati, zivindikiro kumapeto, n'kuika nozzle, kenako mumasunga ngati template ya .peqs. Ntchito ina ikabwera mungoitsegula, kusintha manambala, thanki yatuluka ndipo nozzle zakhala m'malo mwake. Kungoti template imeneyi ili ngati chidindo: ikadinda, zatha. Mukaikonza lero, matanki amene munaika mwezi watha sasintha. Chinanso chimene ambiri amagwa nacho ndi block wamba ya AutoCAD (chojambula chosungidwa ngati chidutswa chimodzi). Mukaisandutsa equipment imalandira nozzle, koma thupi lake silimvera manambala. Valve ya maonekedwe achilendo, kuti imvere manambala, imafuna script ya Python, ndipo apa ndi pamene anzathu ambiri amabwerera. Ubwino wake, kuyambira 2018 Plant 3D imabwera pamodzi ndi layisensi ya AutoCAD, ndiye amene akulipira kale AutoCAD yathunthu ali nayo, ngakhale ena sadziwa n'komwe.

AVEVA E3D, yomwe inalowa m'malo mwa PDMS ya ku Cambridge, ili patsogolo pa nkhaniyi, sindikutsutsa. Template yake imakhala ndi malamulo mkati: kutalika kwa miyendo kumawerengedwa kuchokera ku diameter, ndipo mukakonza template yaikulu mutha kuuza zonse zimene zinachokera kwa iyo kuti zitsatire. Koma pamafunika munthu wodziwa PML (chinenero cholembera malamulo mu E3D) wosamalira catalogue ya zipangizo, kuwonjezera pa layisensi ya madola, ndipo mavuto a forex tonse tikuwadziwa. Pa fakitale yaikulu ya shuga, mapaipi mazanamazana, ndalamayo imabwerera. Pa ofesi ya mainjiniya atatu ku Ginnery Corner, ayi ndithu.

FreeCAD ndi yaulere, ndipo version 1.0 inatuluka mu November 2024. Manambala mumalemba mu Spreadsheet, chojambula chonse n'kumawerenga pamenepo. Pa bulaketi kapena chitsulo chokhazikapo pampu imagwira bwino. Pipe spec (mndandanda wa mapaipi ndi zolumikizira zololedwa) ndi isometric (zojambula za mapaipi) zopatsa owotcherera sizibwera nayo, ndiye pa mapaipi musaidalire.

Ine pa ntchito za kukula kwathu kuno ndimasankha Plant 3D. Popeza template yake siibwerera kukakonza zakale, m'dzina la fayilo iliyonse ya .peqs muzilembamo tsiku, ndipo mafayilowo azikhala mu foda imodzi ya ofesi, osati pa laputopu ya aliyense.