Kamera iyi ndapalasa nayo kuchokera ku Area 25 mpaka ku Senga Bay

Kamera iyi ndinaigula mu Ogasiti, koma ndinadziletsa kulemba ndemanga mpaka nditaiyesa pa ntchito imene ndinaigulira. Kujambula ana pakhonde ngakhale foni imatha. Ine ndinkafuna kamera yoyenda nayo pa njinga. Ndiye kumapeto kwa Seputembala ine ndi alamu anga tinadzuka mbandakucha ku Area 25, kukhota pa Kanengo kulowa msewu wa M14, mpaka ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Tinagonako masiku awiri n'kubwerera pa njinga zomwezo. Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ndalama yake si yamasewera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja akuluma, ndipo ndinasunga miyezi yambiri kuti ndiifikire. N'chifukwa chake poyamba ndinkaisamala ngati dzira. Ndinaikulunga m'chitenje, kuiika m'chikwama, chikwamacho n'kumanga ndi mphira pa kaliyala. Inali yotetezeka ndithu, koma kuti ndiitulutse pankafunika kuima, kutsika, kumasula mphira, kufunyulula chitenje. Dzuwa likutuluka tinakumana ndi abambo atatu akukankha njinga zodzaza matumba a makala kulunjika ku tauni, kuwala kofiira kukuwomba kumbuyo kwawo. Pomwe ndinkamaliza kumasula anali atadutsa, kuwala kuja kutasintha kale. Chithunzi chimenecho chikundiwawabe mpaka lero.

Ndinaisamutsira m'kachikwama ka pa mahandulo. Apo kutulutsa kunali kosavuta, koma aliyense amene anapalasapo msewu umenewu akudziwa kuti galimoto yaikulu ikamabwera kumbuyo umatsikira kumbali, m'miyala ndi m'mabampu. Kugwedezeka konse kwa tayala lakutsogolo kumathera mu kamera. Titafika pa Chezi ndinapeza chivindikiro cha lenzi chitavuka, kabatani koyatsira katatembenuka kokha, kamera ili chiyakire m'chikwama. Batire linali litatsika kwambiri ndisanajambule zithunzi makumi awiri. Kabatani kameneka n'kofewa mopitirira muyeso, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene ndachotsera nyenyezi.

Njira imene inathandiza ndi ya kachikwama kam'chiuno. Popalasa ndimakatembenuzira kumbuyo, ndikaona chinthu ndimaima, phazi limodzi pansi, kukokera kachikwamako kutsogolo, basi ndajambula. Mawondo ndi msana zimamwa kugwedezeka kamera isanakumve. Kukoleka pachifuwa ndi lamba wake ndinayesako kanthawi, koma thukuta linkadontherapo ndipo inkamenya nthiti potsetsereka. Ubwino wa kamera iyi uli pamenepa. Ndi ya mtundu wa mirrorless, kutanthauza yopanda galasi pakati pa lenzi ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala), yaing'ono, ndipo pamodzi ndi lenzi yake imalemera theka la kilogalamu ndi pang'ono pa sikelo ya kukhitchini kwathu. Kamera zikuluzikulu zija za ojambula maukwati sizingalowe m'kachikwama kotere, ndipo ndikanakhala nayo yoteroyo ikanathera ulendo wonse pa kaliyala.

Tsono zithunzi zake. Pa Chezi, pomwe amayi amayala tomato, anyezi ndi kabichi m'mbali mwa msewu, ndinagula kaye nthochi, kenako ndinapempha kuti, "Amayi, ndingajambule malonda anuwa?" Anavomera, atafunsa kaye kumene zithunzizo zikupita. Kufiira kwa tomato kunatuluka monga momwe maso anaonera, osati kufiira kokokomeza kumene foni yanga imapereka. Chimene ndasangalala nacho koposa ndi khungu. Masana dzuwa lili paliwombo, foni imadetsa nkhope ya munthu wakuda mpaka maso osaoneka, kapena imaiyeretsa ngati wadzola ufa. Iyi nditakweza kuwala pang'ono chabe, nkhope ya mayi aja inatuluka ndi mtundu wake weniweni, mizere ya pa mpango wawo ikuoneka umodziumodzi. Sensa yake ndi ya saizi yotchedwa APS-C, yaikulu kangapo kuposa ya foni, ndipo kusiyana kwake kumaoneka m'malo ngati amenewa.

Kagalasi kosuzumira ndi diso limodzi kaja musakaderere. Kuyambira cha m'ma 10 koloko sikirini ya kumbuyo sinkaoneka chilichonse chifukwa cha dzuwa, moti zithunzi zonse za masana ndinajambula posuzumira. Kugwira chinthu choyenda nako ili bwino. Pa Salima, pomwe akabaza amadutsana ngati njuchi, ndinaika shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala) pa 1/1000 ya sekondi ndipo mwa zithunzi zambirimbiri zochepa zokha ndi zimene zinasokonekera. Pali chimodzi cha mnyamata atakweza agogo pa kaliyala ya khushoni, dengu lili pamiyendo, masipoko onse a tayala akuwerengeka.

Vuto lalikulu ndinakumana nalo titadutsa Mvera, pomwe msewu umayamba kutsetserekera kuchigwa cha nyanja ndipo milambe imayamba kuoneka. Ndinabwereka lenzi yokoka zakutali kwa mnzanga, ndiye ndinaima m'mbali mwa msewu kuti ndisinthe. Nthawi yomweyo lole inadutsa. Mu kamera ya mirrorless mulibe galasi lotchinga, ukangochotsa lenzi sensa imakhala pambalambanda, ndipo Seputembala ndi mwezi wa fumbi ndi phulusa la tchire lootchedwa. Pa sikirini yaing'ono sindinaone kanthu. Ndinadzaona madzulo: timadontho tinayi takuda pamalo omwewomwewo pa chithunzi chilichonse chokhala ndi thambo, makamaka zimene ndinajambula nditachepetsa kabowo ka lenzi kufika pa f/11 ndi f/16. Kamerayi ili ndi njira yodzigwedeza yokha kuti fumbi ligwe. Ndinaiyatsa kasanu, kunachoka kadontho kamodzi kokha. Totsalato tinachoka nditabwerera ku Lilongwe n'kupopera ndi kampira kopemerera mpweya. Chonde musauzire ndi pakamwa, malovu amaipitsiratu, ndipo musayerekeze kupukuta ndi malaya. Mbali ina kulakwa kunali kwanga posinthira lenzi pamsewu, koma kamerayi ilibenso zotchinga fumbi ndi madzi m'mabatani mwake. Kagudumu kosinthira manambala kanayamba kulira mchenga tsiku lachiwiri, ndipo mpaka pano sikanabwerere mwakale. Kwa chinthu cha mtengo wotere m'dziko la fumbi ngati lathu, zimenezi zimandidandaulitsa.

Batire ndi laling'ono. Limodzi silikwanira tsiku lathunthu la ulendo, gulanitu lachiwiri. Chopulumutsa n'chakuti imatchajika ndi chingwe cha USB, ndiye power bank yomwe ndimatchajira foni ija inagwira ntchito tili pa nkhomaliro, ndipo magetsi atazima usiku kumalo ogona sindinade nkhawa. Vidiyo ya 4K masana ku Salima inaonetsa chenjezo la kutentha patangopita mphindi zochepa, ndinangoisiya. Pulogalamu yotumizira zithunzi ku foni imadukaduka, koma zimafika.

China chimene ogulitsa sangakuuzeni chifukwa sapalasa: ukangomaliza chitunda manja amanjenjemera, mtima ukugunda ngati ng'oma. Kamerayi ilibe chokhazikitsa chithunzi m'thupi mwake, chili mu lenzi mokha, ndipo zithunzi zoyambirira za pamwamba pa zitunda zinatuluka zogwedera. Ndinaphunzira kudikira mphindi imodzi kuti mpweya ubwerere, kutsamiritsa zigongono pa chishalo, kenako kujambula.

Pamene ndinakhululukira zonsezi ndi m'mawa wa ku Senga Bay. Gombe la kumeneko linayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira m'madzi. Ndinafika kusanache, asodzi akubwerera ndi usipa, nyali zina zisanazime m'mabwato, chilumba cha Namalenje chikuoneka ngati mthunzi chabe. Kuwala kunali kochepa moti alamu anga ndi foni yawo ankangopeza mdima wa timadontho. Ine ndinakweza ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) kufika 3200 ndipo zithunzi zinatuluka zoyera, maukonde akuoneka ulusi wake, madzi akudontha m'manja mwa mnyamata amene ankakoka chingwe. Ndinakhala pamchenga mpaka amayi ogula nsomba atadzaza mabeseni awo. Ndakhala ndikupita kunyanja kuyambira ndili mwana, koma aka n'koyamba kubwerako ndi chithunzi chofanana ndi chimene mtima wanga umakumbukira.

Chenjezo limodzi kwa amene angatsate njira yomweyi. Ku Mvera ndi ku Senga Bay kuli malo a asilikali, ndiye mukayandikira kumeneko kamera ilowe m'chikwama. Ndipo anthu muziwapempha musanawalozetse lenzi. Bambo wina wowotcha chimanga anakana, ndinamuthokoza n'kupitiriza ulendo.

Pobwerera ndiye panali ntchito. Nyanja ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000, ndipo kusiyana konseko umakulipira ndi miyendo pa zitunda za ku Mvera. Tinanyamuka usikusiku kuthawa kutentha. Lenzi yobwereka ija ndinkaimva kulemera kwake pa chitunda chilichonse, pomwe pa ulendo wonse ndinajambula nayo zithunzi zosakwana khumi. Kamera yeniyeniyo m'chiuno sinandivutitse, nthawi zina ndinkachita kugwira kuti nditsimikize kuti ilipo.

Amene mukufuna ya maukwati kapena vidiyo zazitali pa dzuwa, funani ina. Amene mumapalasa, iyi ikukwanirani, bola mugulirepo batire lachiwiri, kampira kopemerera, ndi thumba la pulasitiki lotseka pakamwa la nthawi ya mvula. Mvula ikatha tikufuna kupalasa msewu wa M1 kupita ku Dedza, makilomita pafupifupi 85, kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006. Ndidzanyamula lenzi imodzi yokha, ndipo kabatani koyatsira kaja ndidzakamata ndi selotepu ndisanatuluke pageti.