Mankhwala a injini pa Sienta yomisa, patatha miyezi 8

Bilu ya makaniko ili patebulo pano, K410,000, ndipo sabata yomweyi mnzanga woyendetsa takisi ya ku Ekwendeni wandifunsa ngati mabotolo a mankhwala a injini amene ndinagula amathetsadi vuto la kompuleshoni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Achimwene, yankho lake nali, manambala ake omwe.

Galimoto ndi Toyota Sienta ya injini ya 1NZ-FE, 1.5, yoti yayenda makilomita 212,000. Inkamisa ikaima ili chilirire, kunjenjemera mpaka chiwongolero, nyali ya injini nkumayaka. Makina atalumikizidwa anatulutsa nambala ya vuto P0303, kutanthauza kuti silinda yachitatu ndi yomwe ikumisa. Tinasinthanitsa makoyilo, vuto silinasamuke. Mapulagi atsopano, chimodzimodzi. Ndiye kusitolo ina ya masipeyala m'tauni muno mu Mzuzu ndinagulitsidwa mabotolo atatu: lotsukira mkati mwa injini, lothira mu petulo kuti litsuke ma injector, ndi lina lolemera ngati uchi lothira mu oyilo, lomwe pachikuto pake analemba kuti limabwezeretsa kompuleshoni.

Ndisanathire kalikonse tinayeza kaye kompuleshoni ya silinda iliyonse ndi geji yolowetsa pabowo la pulagi, ndipo pa zonse zomwe ndinachita chanzeru chinali chimenechi. Injini ikhale yotentha, batire lamphamvu. Chotsani makoyilo ndi mapulagi onse anayi, zulani fyuzi ya EFI kuti petulo asalowe, pondani moto mpaka pansi, nkuzunguza sitata mpaka singano ya geji italeka kukwera. Zinatuluka motere: silinda yoyamba 175 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya), yachiwiri 140, yachitatu 115, yachinayi 172. Musadabwe nambala zikatsikirapo pa za m'buku. Mzuzu ali pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, mpweya ngopepuka, ndiye geji imawerenga mochepa kusiyana ndi ku Nkhata Bay. Choyang'ana kwenikweni ndi kusiyana kwa masilinda. Akasiyana kupitirira magawo 10 pa 100 alionse, pali nkhani.

Kenako tinathira sipuni yaing'ono ya oyilo pabowo la pulagi nkuyezanso. Yachiwiri inalumpha kufika 170. Yachitatu inangosuntha pang'ono, 120. Oyiloyo amatseka mpata wa pakati pa ma ring ndi khoma la silinda, choncho nambala ikakwera ndiye kuti mpweya umathawira pa ma ring. Ikapanda kukwera, ukuthawira kumtunda, pa valavu kapena pa gasiketi ya hedi, chitsulo chotseka pamwamba pa masilinda. Geji inali itanena kale zoona tsiku lomwelo, koma mabotolo anali atagulidwa, ndipo wogulitsa anali atalumbira kuti ena ambiri anachira nawo.

Botolo la mu petulo linagwira ntchito yake, galimoto inayamba kuyankha msanga ukaponda moto. Palibe zambiri zonena.

Lotsukira mkati ndi lomwe linandidabwitsa. Limathiridwa mu oyilo wakale injini itatentha, nkuisiya ikulira poima mphindi 15, osayenda nayo, osaponda moto, chifukwa oyilo amakhala atapepuka kwambiri moti sangateteze ma bearing. Kenako kukhetsa, kusintha fyuluta, kuthira watsopano malita 3.7. Amene anatuluka anali wakuda bii, ngati phula losungunuka. Ndinasinthanso oyilo pa makilomita 2,000, kawiri motsatizana. Titayezanso patatha miyezi itatu, silinda yachiwiri inali pa 160. Oyilo yemwe inkadya lita imodzi pa makilomita 1,000 inayamba kudya theka lake, utsi wabuluu wa ku ekizozi nkuchepa. Chifukwa chake nchosavuta: ma ring a pisitoni imeneyo sanali operepeseka, anangomatidwa ndi mwaye m'mizere mwawo, ndiye mwaye utasungunuka anayambanso kutambasuka nkugwira khoma. Ring yothyoka kapena silinda yokandika sizikanasintha ngakhale pang'ono. Chenjezo limodzi: injini yomwe ili ndi matope ambiri pansi pa chivindikiro cha mavalavu, matopewo akagumuka nthawi imodzi amakatseka sefa ya pampu ya oyilo. Suzumirani kaye ndi tochi pothirira oyilo.

Nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanati gulani. Koma yachitatu sinasiye kumisa tsiku ndi limodzi lomwe.

Botolo lolemera lija ndi lomwe amati lithetsa zimenezo. Chomwe limachita nkukhuthalitsa oyilo basi. Phokoso la injini linatsikadi, ndipo munthu umadzinamiza kuti zikuyenda. Kuzizira kwa June kutafika, mmawa wa chifunga uja, injini inayamba kuchita kwekwerekwe kutsogolo kwa masekondi angapo ikangolizidwa. Injini iyi inapangidwira oyilo wopepuka, monga 5W-30, ndipo VVT-i yake, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayendetsedwa ndi mphamvu ya oyilo kudzera pa kavalavu kokhala ndi kasefa kakang'ono. Oyilo wokhuthala akazizira amachedwa kufika kumtunda. Ndinamukhetsa asanakwane nthawi, ndalama zina zinapita pamenepo, phokoso nkutha.

Kumisako kunali kwa mtundu umodzimodzi nthawi zonse. Poima pa Katoto injini imagwedezeka, ukathamanga pamsewu wa M1 zimaoneka ngati zatha, chifukwa injini ikamazungulira mwachangu mpweya supeza nthawi yokwanira yothawira. Pamtunda wochokera ku Nkhata Bay, anthu atadzaza, nyali ya injini inayamba kuphethira. Ikamaphethira choncho ndiye kuti petulo wosapsa akupita ku ekizozi, ndipo amakawotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Pamenepo musaikakamize. Geji inati yachitatu yatsikanso, 105.

Makaniko wa ku Luwinga anaika pisitoni yachitatu pamwamba mavalavu onse atatseka, nkulowetsa mpweya wa kompuresa pabowo la pulagi. Mpweya ukamamveka pothirira oyilo ndi ma ring, ukamatuluka ku fyuluta ya mpweya ndi valavu yolowetsa, madzi a mu rediyeta akamachita thovu ndi gasiketi. Wathuwu unkafwenthera ku ekizozi. Hedi itatsika, valavu imodzi yotulutsa utsi inali itadyeka m'mphepete, kampata kolowa nsonga ya machesi. Mpata wa pakati pa valavuyo ndi chitsulo choikankha unali utathina. Mpatawo ukachepa valavu sikhala bwino pampando wake, sitaya kutentha, imapsa. Chitsulo chodyeka chotere palibe madzi a m'botolo angachimeretse.

Bilu ija ndi ya valavu, kupala mipando, masili a mavalavu, gasiketi, oyilo, madzi a rediyeta ndi ntchito. Masilinda onse tsopano ali pakati pa 160 ndi 176, ndipo ikaima imalira mosalala. Mabotolo atatu ndi oyilo wokhetsedwa msanga zinandidyera pafupifupi K150,000. Mwa ndalama imeneyo, ya botolo lotsukira sindikuidandaula. Yotsalayo ikanalipira gawo la ntchito ya hedi miyezi 8 yapitayo, petulo yemwe silinda yachitatu inkataya osamuwerengera.

Ndinabwerera kusitolo kuja valavu yopsa ili m'thumba, nkuiika pakauntala. Bambo wogulitsa uja anaitembenuza, anati, "Bwana, imeneyi munaichedwetsa, mukanathira mabotolo awiri." Ndinawaonetsa pepala la manambala a tsiku loyamba lija. Za kubweza ndalama anakana, ati botolo lotsegula silibwezedwa. Anandichotsera K5,000 pa fyuluta ya oyilo, ndinatenga. Ndikutuluka, mnyamata wina wa Sienta anali atagwira kale botolo lolemera lija akufunsa mtengo, ndipo ndinamupatsa nambala ya makaniko amene ali ndi geji.