Makina a pamanja opanira njerwa za dothi: ndi abwino ndithu, koma osamvera zonse za ogulitsa

Anthu angapo akhala akundifunsa za makina aja opanira njerwa zolowana, aja mumangosakaniza dothi ndi simenti pang'ono nkupana basi osaotcha, nde ndati bola ndilembe zonse pamodzi kusiyana nkumayankha mmodzimmodzi. Ine ndinagula a pamanja, opanda injini opanda magetsi, ndipo tamangira nawo nyumba yogona ndi mpanda wake, mvula yawombapo kale makomawo kotero sindikukamba zongomva ayi. Dzina la kampani ndilisiya, poti opanga makina amtunduwu ndi ambiri ndipo kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni.

Yankho lomwe ambiri mukufuna ndi ili: eya ndi makina abwino, ndipo nditati ndimangenso ndingagwiritse ntchito omwewa. Koma wina akakuuzani kuti mukangogula basi mavuto anu onse a zomangamanga atha, ameneyo akungofuna ndalama zanu.

Kwa amene simunawaonepo, ndi chikombole chachitsulo chokhuthala chokhala ndi chivundikiro pamwamba, pansi pake pali mbale yachitsulo yomwe imakwera mukakoka hando yaitali ija. Mumathira dothi lanu losakaniza kale, kutseka, kukoka hando mpaka itafika pansi, kenako kutsegula nkukankhira hando mbali inayo, njerwa imatulukira pamwamba yokha. Njerwayo imakhala ndi kamsana pamwamba ndi kangalande pansi, m'mbalimu chimodzimodzi, nde pomanga zimangolowana popanda kuika matope pa mzere uliwonse. Nzeruyi si yatsopano. Makina oyamba otchuka amtunduwu ankatchedwa CINVA-Ram, anawapanga injiniya wa ku Chile dzina lake Raúl Ramírez ku Bogotá m'dziko la Colombia cha m'ma 1950, ndipo ambiri a pamanja omwe tikugula lero ndi zidzukulu zake. Ku Auroville ku India amapanga awo otchedwa Auram, ku South Africa kuli Hydraform ya injini yomwe imapana mwamphamvu kuposa dzanja la munthu.

Chomwe chinandikoka ine kwenikweni ndi nkhani ya nkhuni. Uvuni wa njerwa sudya tinthambi, umafuna zipika za mitengo yomwe yatenga zaka zambirimbiri kuti ikule, ndipo pomwe aumba pamatsala maenje odikha madzi oti palibe amawakwirira. Ukati uthawire ku mabuloko a simenti nakonso kuli nkhani yake, simenti amaipanga potentha miyala ya laimu mpaka madigiri pafupifupi 1450, ndipo mwalawo pawokha ukamapsa umatulutsa mpweya wa carbon dioxide, kuwonjezera pa utsi wa malasha otenthera aja. Simenti yokha ikutulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya umenewu padziko lonse. Lipoti la 2022 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linanena kuti nyumba pamodzi ndi ntchito zomanga zinali ndi gawo la 37 peresenti pa mpweya wochokera ku mafakitale ndi kugwiritsa ntchito magetsi, malasha ndi mafuta. Nde a United Nations akuti pofika 2050 anthu 68 pa 100 alionse azidzakhala m'mizinda, onsewo adzafuna pogona. Tikati aliyense aotche uvuni wake kapena amange ndi simenti yokhayokha, abale, zimenezo dziko silingapirire. Njerwa zopanazi simenti zimafunabe, tisanamizane, koma pang'ono, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti, zina zonse ndi dothi lomwe mwina mwakumba pamalo omwewo pokonza maziko. Lole yobweretsa njerwa kuchokera kutali simuifunanso.

Tsopano pomwe pagona nkhani yonse ndi dothi, ndipo apa mpomwe ogulitsa amadutsapo mwachangu. Ine anandiuza kuti dothi lililonse limatheka. Bodza limenelo. Dothi lapamwamba lakuda lija, lamizu ndi zinyalala zowolerana, silimanga, muyenera kulichotsa kaye nkufika pa lapansi. Dongo likachuluka njerwa imang'aluka pouma, mchenga ukachuluka imafumbutuka m'makona pomwe mukuinyamula kuchoka pa makina. Limafunika lamchenga wambiri koma lokhala ndi dongo lokwanira kugwirizanitsa. Kuyeza kwake sikufuna labu poyambira, tengani botolo lagalasi, thirani dothi losefa cha kufika theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri nkuliika pansi. Mchenga umakhazikika pompo, dothi lofewa limabwera pambuyo, dongo limatenga nthawi yaitali mwina mpaka mawa lake, nde mumaona mizere itatu m'botolomo nkudziwa chomwe chachuluka. Ngati dongo ndi lambiri mumawonjezera mchenga, kapena kugwiritsa ntchito laimu m'malo mwa simenti poti laimu amagwirizana bwino ndi dongo.

Madzi nawo ali ndi muyezo wake, sipafunika phala ngati poumba zidina. Dothi lizingokhala lonyowa pang'ono. Mmisiri yemwe tinkagwira naye ankatapa lodzaza dzanja, kulifinya kukhala kampira, nkulisiya ligwe pansi polimba kuchokera cha m'chiuno. Likamwazika ngati ufa ndekuti madzi achepa, likangophwatalala osasweka achuluka, koma likasweka zidutswa zingapo ankati eya, thirani m'makina. Ankachita zimenezi pa mulu uliwonse osatopa, ndipo njerwa zake mumachita kuziona m'makona kuti zathwa bwino. Chinanso mukathira madzi musachedwe, simenti imayamba kugwira, kotero musasakanize mulu waukulu woti ukhala maola ukudikira. Sakanizani pang'onopang'ono, dothi ndi simenti ziyambe zasakanikirana zili zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, madzi pambuyo.

Zonsezi m'kabuku komwe kanabwera ndi makina munalibe. Timasamba tingapo, zithunzi zosaoneka bwino, basi. Ili ndiye dandaulo langa lalikulu ndipo limandipweteka, chifukwa munthu akagula nkukaumba ndi dothi lolakwika njerwa zake zimasungunuka ndi mvula yoyamba, aneba onse nkuona, ndiye mbiri imafala kuti njerwa zosaotcha nzachabechabe. Wolakwa si dothi. Kampani yogulitsa makina amenewa imayenera kugulitsa pamodzi ndi maphunziro, ngakhale a masiku ochepa, atumize munthu adzaone dothi lanu ndi kuphunzitsa anyamata anu. Ena amatero, anga sanatero.

Ntchito yake ndi yakalavula gaga, izi mudziwiretu. Hando ija kuti njerwa ipanike bwino pamafunika kuitsamira ndi thupi lonse, ndipo munthu akatopa amayamba kuchepetsa dothi m'chikombole kuti hando izitsika mofewa. Njerwa zam'mawa zimatuluka zolimba, zamadzulo zopepuka, kuziona ndi maso zofanana. Ife tinapeza kachidebe kamodzi koyezera kuti dothi lizilowa lofanana nthawi zonse ndipo pa hando tinkasinthana. Pamafunika gulu ndithu, wina kusefa, wina kusakaniza, wina pa hando, wina kunyamula. Nambala ya njerwa patsiku yomwe amalemba pa zotsatsa musaiwerengere, imeneyo ndi ya anthu ozolowera omwe dothi lawo ndi losefa kale.

Chitsulo chake sindikudandaula nacho kwambiri, ndi cholimba, kuwotcherera kwake kwabwino. Koma mchenga umadya chitsulo pang'onopang'ono, mapini ndi malo ozungulira hando amayamba kugwedera mukapanda kupaka girizi tsiku lililonse ndi kupukuta mukaweruka. Akayamba kugwedera njerwa zimasiyana msinkhu, mamilimita awiri kapena atatu okha, nde poti palibe matope obisa kusiyanako, mukafika pa mzere wa khumi khoma layamba kale kupendama. Masipeya kuwapeza kunali kovuta, foni kuyimba osayankhidwa, mpaka tinakapangitsa kwa wowotcherera.

Njerwa ikatuluka siinathe. Apa mpomwe ambiri amaonongera poganiza kuti dzuwa ndi lomwe limalimbitsa. Simenti imalimba ndi madzi, osati dzuwa. Mumaziika pamthunzi, kuphimba ndi pulasitiki, kumathirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo kuti zifike pa mphamvu yake yeniyeni ndi masiku 28. Amene muli pa changu zimenezi zikutopetsani. Komanso malo amafunika aakulu osalala bwino oyalapo, ndi madzi apafupi.

Koma abale khoma likayamba kukwera mtima umakhala m'malo. Mzere woyamba wokha ndi womwe umafuna chidwi chonse, umaikidwa pa matope a simenti ndi levulo, pamwamba pa maziko olimba okhala ndi pepala lotchinga chinyezi. Ukakhala bwino umenewo enawo amathamanga, ndipo pansi sipakhala zinyalala za matope ogwa ndi zibenthu ngati pa saiti zina. Pamwamba ring beam ya konkire ndi zitsulo ndi yosakambirana, ndi yomwe imamanga makoma onse pamodzi, ndipo kumalo kochitika zivomerezi kapena mukafuna nyumba yosanja pezani injiniya, osangodalira kulowana kwa njerwa. M'nyumbamo masana mumazizira bwino chifukwa khoma lokhuthala ladothi limachedwa kutentha, limasunga kutenthako nkumakutulutsa usiku. Fani sitiyatsa kawirikawiri. Mtundu wa khomalo ndi wa dothi lomwelo, ndipo alendo ambiri amaligwira ndi dzanja kufunsa ngati tinapaka penti.

Za pulasitala, ogulitsa amati safunika. Mkati zoona mukhoza kusiya. Koma kubafa ndi kukhitchini pamafunika, ndipo kunja mbali yomwe mvula imawomba molunjika madzi amatha kulowa m'mipata popeza mulibe matope. Denga litulukire kunja mokwanira, khonde likhalepo, mizere yapansi itetezedwe ku madzi odontha. Mpanda wathu poti ulibe denga tinauveka kachipewa ka konkire pamwamba ndipo uli bwinobwino.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa makinawo ndi msika wa nyumba. Anthu ambiri akangomva kuti dothi amaganiza za umphawi, ogula nyumba amafunsa kuti nzootcha kodi, ukati ayi nkhope imasintha. Oyesa mtengo wa nyumba, a inshulansi ndi a banki opereka ngongole nawo ambiri anazolowera njerwa zootcha ndi mabuloko, chinthu chomwe sachidziwa amachiona ngati chiopsezo. Nde musanaumbe njerwa ngakhale imodzi funsani kaye komwe amavomereza mapulani ngati malamulo a kwanuko akuzilola, ndipo ngati mukufuna kudzagulitsa kapena kudzatengera loni nyumbayo, tumizani njerwa zingapo ku labu akaziyese mphamvu zili zouma komanso zitanyowa, pepala la zotsatira mulisunge pamodzi ndi mapepala a malo. Limenelo ndi lomwe limatseka pakamwa okayika.

Ine ndimakhulupirira kuti maganizowa asintha, ndipo ayamba kale. Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu ya pulaimale kumudzi kwawo ku Gando ndi njerwa za dothi zothira simenti pang'ono, inatha mu 2001, ndipo mu 2022 analandira Pritzker, mphoto yaikulu kwambiri ya akatswiri ojambula nyumba, woyamba wochokera ku Africa. Ku Shibam ku Yemen kuli nyumba zosanja zadothi zomwe zakhala zaka mazanamazana. Mbali ya ndalama nako kukuyenda, IFC, nthambi ya World Bank yobwereketsa ndalama ku makampani, ili ndi satifiketi yotchedwa EDGE yomwe imaperekedwa ku nyumba yochepetsa ndi 20 peresenti kapena kuposerapo magetsi, madzi ndi mpweya woipa wotuluka popanga zipangizo zomangira, ndipo makampani omanga nyumba zambiri ayamba kuifuna chifukwa obwereketsa ndalama akuifunsa. Simenti nayo ikusintha, pali ya LC3 yosakaniza dongo lootcha ndi miyala ya laimu yomwe ofufuza a ku yunivesite ya EPFL ku Switzerland anapanga ndi anzawo a ku Cuba ndi India, imachepetsa mpweya woipa mpaka 40 peresenti. Tsiku lomwe simenti yotereyi idzapezeke paliponse nkumalowa m'njerwa zopanazi ndi lomwe ine ndikulidikira.

Nanga ndani agule? Ngati mukumanga kanyumba kamodzi kakang'ono basi, bwerekani kapena chitani hayala, kapena gulani njerwa kwa amene amaumba kale bola muziyese, makinawo adzangochita dzimbiri kuseri kwa nyumba mukamaliza. Koma kontilakitala wamng'ono, gulu la achinyamata, mpingo kapena sukulu yomanga pang'onopang'ono, abale ogwirizana kuti azimangirana mosinthana, amenewo makinawa awakwanira. Womanga nyumba zambiri zogulitsa kapena zalendi ayang'ane a injini, a pamanja sangakwanitse liwiro lake.

Popita kukagula nyamulani thumba la dothi la pamalo anu, muwauze apane inu mukuona, ndipo mufunse ngati mapini ndi mbale ya pansi ija amagulitsa padera komanso ngati amatumiza munthu wodzaphunzitsa. Akayamba kuzembazemba pa mafunso amenewa pitani kwa wina.